Masimbo a Bashi Virginia

Ba Fanwell Katongo ndinawadziwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo zambiri mwa zaka zimenezi anali kumbuyo kwanga. Ine, Sophia Mwanza, ndinkatsogolera kwaya ya mpingo wathu wa ku Chawama, mu Lusaka. Iwo ankakhala pakona, pa kampando kopanda choyedzamira, atazunguliridwa ndi ng'oma za bandi. Nkhope yawo ndinkaiona tikaweruka. Tili mkati mwa nyimbo ndinkangowamva.

Mu komboni ankadziwika kuti bashi Virginia, ndiye kuti bambo a Virginia, monga amatchulirana Abemba, pakuti mwa ana atatu amene anabereka, Virginia yekha ndiye anakula. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuyankhula. Mkati mwa sabata ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera maminibasi, kukonza maambulera, mazipi a zikwama ndi nsapato. Lamlungu ankafika ku tchalitchi ndi chikwama chozungulira chimene anasoka okha ndi nsalu ya tenti. M'menemo munali masimbo, mbale zija zimene woimba ng'oma za bandi amamenya ndi ndodo. Tsiku lina ndinawatchula kuti mbale zachitsulo, iwo anandikonza pomwepo, akunditcha mayo, ndiye kuti mayi m'Chibemba.

"Nsimbi ni ya mageti na mbaula, mayo. Iyi ni bronzi."

Anabadwira ku Mufulira mu 1955. Bambo wawo ankagwira ntchito kumene amasungunula kopa, ndipo pakhomo pawo nkhani zinali za zitsulo: chimene chimasungunuka msanga, chimene chimapindika, chimene chimathyoka. Mwana sanafune za mgodi. Anaphunzira ng'oma mu holo ya ana a anthu a m'migodi, ndipo atakwanitsa zaka makumi awiri anakwera sitima ya ku Lusaka ndi ndodo ziwiri m'thumba la jekete. Anafikira ku Chaisa kwa Lemmy Nsama, woimba gitala amene anali kusonkhanitsa bandi. Ankagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, ndipo zoimbira zonse zinali zobwereka.

Mu 1977 bandiyo inapeza malo pa hotela ina ya m'tauni, kuimba masana a Loweruka ndi pa maukwati. Hotelayo inali itangogula ng'oma zatsopano zonyezimira. Zakale, zimene bandi ina ya azungu inasiya ufulu usanabwere, anaziunjika m'chipinda cha mipando yothyoka. Ba Katongo atatumidwa kukatenga mpando kumeneko, anaona masimbo anayi akuda atatsamira khoma, kangaude atamangapo nyumba. Anagogoda yaikulu ndi chala. Ankandiuza kuti za mpando anaiwala. Anakhala pansi m'fumbimo mpaka kulira kwake kutatha, kenaka anagogodanso. Woyang'anira hotela atamva kuti akuwafuna anaseka, nati atenge, angodya malo.

Yaikuluyo ankaitcha raidi, imene munthu amaigogoda mosalekeza kuti asunge mayendedwe a nyimbo. Panali ina yocheperapo, yopyapyala, yotchedwa kirashi, yomenya kamodzi mwamphamvu nyimbo ikamakhota. Otsalawo anali awiri ang'onoang'ono ovundikirana, mahayihati, otsegula ndi kutseka ndi phazi. Onse anali ndi chidindo chofufutika, kamwezi ndi nyenyezi ndi zilembo zopotana, ndipo ba Katongo ankati anasulidwa ndi manja ku Turkey iwo asanabadwe. Ukayendetsa chala pamwamba pake unkamva timaenje ta nyundo, tina tozama, tina tongokhudza, popanda tiwiri tofanana.

Ine ndinayamba kutsogolera kwaya mu 2001. Mpingo unali ndi ng'oma zake, ndi masimbo ake achikasu owala ngati kalilole, koma ba Katongo Lamlungu lililonse ankawamasula n'kuikapo awo. Loweruka lina titatha kuphunzira nyimbo ndinawafunsa.

"Ba Katongo, nanga aya ya mpingo yalakwa chani? Onani mwamene yawalila. Yanu yaoneka monga mapoto ya pa malilo."

Sanakwiye. Anatenga simbo ya mpingo, anaikoleka pa chala chachikulu cha kumanzere, pa bowo la pakati, n'kuigogoda m'mphepete.

"Belengani mpaka isile kulila."

Ndinafika pa zitatu, inali itazima kale.

"Iyi ni brasi," anatero. "Kopa na zinki. Ni ya mahandulo ya vitseko na mapompi ya manzi. Iwala chabe, ilibe mau. Kuli inangu yofiila, ili na tini ing'ono. Ija ilila, koma monga belu ya njinga, mau yamozi yakuthwa. Manje mvelani iyi."

Anakoleka raidi yawo pa chala chomwecho n'kuigogoda pang'ono, mopanda mphamvu. Poyamba kunamveka kugogoda kouma kwa ndodo. Pansi pake panatuluka mkokomo wotsika umene unakula n'kudzaza tchalitchi chopanda anthucho, ngati mvula ikamagwa pa malata a ku komboni ya John Howard isanafike kwathu. Ndinawerenga mpaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinaleka chifukwa sindinadziwenso ngati ndikumva simbo kapena makutu anga.

Anandifotokozera kuti ukagawa bronzi yotere pasanu, magawo anayi ndi kopa, limodzi ndi tini. Kopa yekha ndi wofewa, saimba. Tini ikapitirira muyeso, chinthucho chimasweka ngati galasi. Amene anasula iyi ankadziwa polekezera, ndipo nyundo iliyonse imene anamenya inaikamo liwu lake, n'chifukwa chake mu simbo imodzi mumamveka mawu ambiri.

"Na doti iyi osaichosa," anamaliza. "Yatenga zaka fifite kuti inkale so. Mukaikwecha, mwaichosa ukulu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwamvetsera mwa mtundu wina, ndipo iwo anayamba kundiuza za moyo wawo, pang'onopang'ono, tikamayenda kuchokera ku tchalitchi.

Bandi yawo inakhala zaka khumi ndi zinayi. Ntchito ya ku hotela itatha anaimba nyimbo za kalindula m'mabala a ku Matero ndi ku Garden. Kenaka eni mabala anaona kuti makina a makaseti safuna chakudya ngati anthu asanu, ndipo oitana anachepa. Pambuyo pake kunabwera matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Lemmy anamwalira mu 1991, atauma ngati ndodo. Woimba mawu anatsatira chaka chomwecho. Pofika 1994, mwa asanu aja a m'chipinda cha ku Chaisa anatsala ba Katongo okha. Anakulunga masimbo m'chitenje, kuwaika pansi pa bedi, n'kuyamba kuphunzira kukonza maambulera. Zaka zisanu sanagwire ndodo.

Anawadzutsa ndi akazi awo, ba Emelda, Mchewa wa ku Katete ngati ine, amene ankagulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa Chawama. Mpingo utagula ng'oma panalibe wodziwa kuziimba, ndipo ba Emelda anakoka mwamuna wawo kubwera naye. Akulu ena a mpingo ananyinyirika atamva kuti masimbowo anaimbapo m'mabala. Ba Emelda anaimirira pa msonkhano.

"Mwamuna wanga amene ankalowa m'mabalamo ndi miyendo yake mwamulandira. Nanga mbalezi zalakwanji? Sizinalawepo mowa."

Nkhani inathera pomwepo. Ba Emelda anamwalira mu 2006 ndi matenda a shuga, ndipo kuyambira pamenepo ba Katongo anakhala okha m'chipinda chimodzi cha lendi, Virginia atakwatiwa ku Kanyama.

Kirashi inawachoka mu 2008. Lamlungu lina, tikuweruka, mayi wina anakomoka pakhomo pa tchalitchi, ndipo ba Katongo anali mmodzi mwa omunyamula kupita naye ku chipatala. Masimbo ena atatu anali atawalonga kale m'chikwama chimene chinali paphewa, koma kirashi inatsala pa mwendo wake. Anati akaitenga mawa. Lolemba tinapeza zenera la kumbuyo litathyoledwa. Akuba anazula mawaya a magetsi, mpopi wa panja, ndi kirashi. Masimbo achikasu a mpingo anali m'kabati yokhoma, sanawakhudze. Chaka chimenecho kopa anali pa mtengo, ndipo chilichonse chofiirira chinkathera kwa ogula zitsulo zakutha.

Ba Katongo anatseka ntchito yawo n'kuyamba kuzungulira malo ogula zitsulozo, ku Chinika ndi m'mphepete mwa Kanyama. Tsiku lachitatu ndinapita nawo. Pamalo achinayi, mwini wake anatilozera mulu wa mipopi, mawaya otenthedwa ndi zidutswa za mainjini, nati tifufuze tokha. Ba Katongo anagwada n'kuyamba kuchotsa chimodzichimodzi. Anaipeza pansi. Anali ataidula panayi kuti ilowe bwino m'thumba, ndipo chidutswa chimodzi anachipinda ndi nyundo. Mwini malo ataona nkhope yawo anati angotenga, sawafunsa kanthu. Iwo anatola chidutswa chimene chinali ndi chidindo, anachipukuta ndi chala, anachiyang'ana kanthawi, kenaka anachibwezera pa mulu.

"Tiyeni, mayo," anatero.

Tinakwera minibasi kubwerera ku Chawama. Lamlungu lotsatira anaimba ndi atatu otsalawo. Pamalo pamene kirashi inkalira, ndodo inkapita yokha n'kumenya mphepo. Zinatenga miyezi kuti dzanja lizolowere.

Makutu anayamba kuwavuta cha mu 2015. Ankati muli nyenje zimene sizipuma. Choyamba kutayika chinali mawu okwera, a azimayi ndi a mahayihati. Kenaka anayamba kulowa mochedwa mu nyimbo. Ndinazindikira kuti sakutsatanso mawu athu koma chidendene changa, mmene chinkagundira pansi, choncho ndinayamba kuchigunda mokweza ndi kuimirira pamene angandione bwino. Tinayenda motero zaka zinayi, ndipo ambiri sanadziwe.

Mu 2019 kunali ukwati waukulu, tchalitchi chodzaza. Mkwatibwi akulowa, anthu anaimirira n'kunditchinga. Kwaya inamaliza nyimbo, koma ba Katongo anapitiriza okha, mutu uli pansi, raidi ikulira m'tchalitchi chachete. Ena anaseka. Atadzutsa mutu n'kuona nkhope za anthu, anagwira simbo ndi dzanja kuti izime, n'kuika ndodo pa maondo.

Sabata yomweyo akulu a mpingo anagwirizana kuti apume. Ba Karen, aphunzitsi a pa sukulu ya pafupi, anali ndi kiyibodi imene imadziimbira yokha ng'oma munthu akangodina batani. Ntchito yowauza anaipatsa ine, poti ndimagwirizana nawo.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wawo masana, akulowetsa waya mu ambulera yakuda. Panali anthu ambiri odikira minibasi. Ndinakhala pa chitini chimene ankakhazikapo makasitomala.

"Ba Katongo, banituma bakulu ba mpingo. Bati mupumuleko ku ng'oma."

"Ati bwanji?"

Ndinabwereza, sanamvenso. Anatchera khutu lamanja ndi chikhatho. Ndinayenera kukuwa, ndipo mawu amene ndinawakonza usiku wonse kuti atuluke mofewa anatuluka ngati a kondakitala. Anthu onse pamzerepo anatembenuka.

"Namvela," anatero. Anapitiriza kulowetsa waya. "Ni zoona, mayo. Pa ukwati paja nenze neka. Nizazibwela chabe pa Sondo, nizankala kumbuyo."

Anabweradi, Lamlungu lililonse, pa benchi yomaliza, manja ali pa maondo. Chikwama cha tenti sanabwere nachonso.

Kunyumba ankaimbabe. Anapanga miyendo ya masimbo ndi zitsulo zomangira nyumba, ndipo akaweruka ku maambulera ankatseka chitseko n'kumagogoda. Anandiuza kuti ngakhale makutu akana, ndodo imamuuza munthu zonse: simbo yamoyo imabweza ndodo ndipo imanjenjemera mpaka m'chigongono. Tsiku lina ndikuwayendera anandionetsa mng'alu m'mphepete mwa raidi, wopyapyala ngati tsitsi, wautali ngati chikhadabo. Sanaoneke wodandaula kwambiri. Anati mankhwala ake amawadziwa: kuboola kabowo kakang'ono pamene mng'alu wathera kuti usapitirire, pang'onopang'ono, akuthirapo madzi kuti pasatenthe. Ankangodikira kupeza choboolera chaching'ono bwino.

"Chamene siifuna ni moto," anatero. "Inapita kale pa moto kamozi. Ikabwelelapo, yafa."

Sanachipeze choboolera chija nthawi yake. Mu Ogasiti 2022 anagwa pansi pa mtengo paja, magazi atakwera, ndipo anakhala m'chipatala milungu itatu. Anatuluka dzanja lamanzere lili lofooka, mwendo ukukoka. Virginia ndi mwamuna wake anagwirizana zowatenga kuti azikakhala nawo ku Kanyama.

Mwamuna wa Virginia ndi Mathews Mukupa, woyendetsa minibasi ya mu msewu wa Kafue, munthu wofatsa amene ankakonda apongozi ake ngati bambo womubala. Ndiye ankawatengera chakudya ku chipatala m'mawa uliwonse asanayambe ntchito. Ndiyenso anasamutsa katundu wa ku Chawama. Pomasula raidi pa mwendo wake anaona mng'alu uja, ndipo anaganiza zowachitira apongozi chinthu chowasangalatsa pobwera kunyumba. Sanafunse munthu. Anapita nayo ku Garden, kumene owotcherera zitsulo andandalika m'mbali mwa msewu, n'kupeza mmodzi amene anati amadziwa za mkuwa. Munthuyo anaiwotcherera, anapala pamene anawotchapo kuti pasalale, ndipo poona kuda kwake anaikwecha yonse ndi makina mpaka inawala.

Ine ndinapita kukawaona Loweruka loyamba atatuluka. Anali atakhala pa mpando pabalaza, bulangete pa miyendo, ngakhale kunja kunali kotentha. Titapatsana moni, Mathews analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chinthu chokulungidwa m'chitenje chatsopano. Anagwada n'kuchiika pa maondo pawo.

"Ba tata, tinakukonzelani," anakuwa pafupi ndi khutu lawo. "Manje ilibe mung'alu. Onani mwamene yawamila."

Ba Katongo anafunyulula chitenje ndi dzanja lamanja. Simboyo inawala mpaka kuwala kwake kunagunda denga. Chidindo chinali chitafufutikiratu. M'mphepete munali chipsera chachikasu, ndipo mozungulira chipseracho bronzi inali itasanduka yabuluu. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Mathews anali chigwadire, akumwetulira, kudikira.

"Natotela, tata," anatero ba Katongo, kuthokoza m'Chibemba. "Mwagwila nchito. Lesa amupale."

Atamudalitsa motero m'dzina la Mulungu, anamugwira paphewa. Kenaka anati akulakalaka tiyi wa mkaka ndi buledi, ndipo Mathews ananyamuka mokondwa kupita ku kantemba kukagula.

Atangotuluka, ba Katongo anandikodola. Chala chawo chamanzere sichikanatha kunyamula simbo, choncho anandiuza kuti ndiikoleke pa changa. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndodo zinali m'thumba la pambali pa mpando. Anatenga imodzi n'kugogoda m'mphepete, kutali ndi chipsera.

"Belengani, mayo. Ine sinizamvela."

Inalira ngati chivundikiro cha poto chikagwa pa simenti, ndi kaphokoso kena konyenyeka pamwamba. Ndinafika pa zinayi. Ndinapitiriza kugwedeza milomo, zisanu, zisanu ndi chimodzi, mpaka khumi, ndikuyang'ana pansi.

"Ikali kulila," ndinakuwa.

Iwo anali ataika ndodo pansi, nsonga za zala zitakhudza m'mphepete mwa simbo mopepuka.

"Osanama, ba Sophia. Yasila kudala."

Ndinaitsitsa n'kuitsamiritsa ku khoma. Virginia anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi ketulo m'manja. Anakula akumva simbo imeneyo, ndipo sanafunikire kuuzidwa. Misozi inali kutsika. Bambo ake anamuona.

"Osamuuza," anatero. "Anachita na mutima wabwino. Ni ine ninachedwa."

Mathews atabwera ndi buledi, ba Katongo anamwa tiyi yense ndi kudya magawo awiri, n'kumufunsa za msewu ndi za apolisi a pa Kafue raundabauti. Ine ndinatsanzika msanga. Ndinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, ndikulephera kukwera minibasi zimene zinkandiimira.

Anakhala ku Kanyama chaka chimodzi ndi miyezi khumi. Raidi sanaigundenso. Mathews anaikhomera msomali pakhoma la pabalaza kuti alendo aziiona, ndipo ba Katongo ankakhala moifulatira, ati kuwala kwake kumawapweteka maso. Nthawi ya mvula madzi ankalowa m'nyumba monga amachitira ku Kanyama, ndipo mpando wawo ankauika pa mabuloko. Ndinkawapeza ali pamenepo, mapazi ali m'mwamba, mahayihati ali pa maondo. Ankawagundanitsa pang'ono ndi dzanja limodzi n'kuika chikhatho pamwamba kuti amve kunjenjemera. Kucheza kunavuta chifukwa makutu anali atatsekekeratu. Ndinkawalembera pa pepala nyimbo zimene kwaya ikuphunzira, iwo n'kugwedeza mutu. Kamodzi anandifunsa ngati kiyibodi ija imadziwa kudikira azimayi akapuma mpweya pakati pa vesi. Ndinalemba kuti ayi, ndife timaithamangira. Anaseka pang'ono, ndipo ndi kuseka komaliza kumene ndinawaona nako.

Anamwalira mu Juni 2024, m'mawa wozizira, Virginia akuwatenthetsera madzi osamba. Tinawaika ku manda a ku Chingwere. Pa mwambo wa ku tchalitchi magetsi kunalibe, monga zinalili masiku ambiri chaka chimenecho, choncho kiyibodi sinayake. Tinaimba ndi pakamwa pokha.

Maliro atatha, achibale ochokera ku migodi anakhala pansi kugawa katundu. Akuluakulu anali awiri, ba Kabaso ndi ba Rodgers, ana a mkulu wawo wa ba Katongo. Zogawa zinali zochepa: jekete, mabulangete awiri, bokosi la zida za maambulera, wailesi yakufa. Atafika pa mahayihati anaona kuti alipo awiri, ndipo iwonso ali awiri. Ine sindine wachibale, sindinayenere kuyankhula, koma ndinapempha mawu. Ndinati awa ndi chinthu chimodzi, wapamwamba ndi wopepuka, wapansi ndi wolemera, anasulidwa kuti aziyankhana, ndipo mmodzi payekha alibe ntchito. Ndinapempha kuti atenge munthu mmodzi, aliyense mwa iwo. Ba Kabaso anandimvetsera mwaulemu, kenaka anati aliyense ayenera kupita ndi chokumbukira, kuti pasadzakhale mawu. Wina anapita ku Mufulira m'chikwama cha zovala, wina ku Kapiri Mposhi.

Raidi panalibe anaifuna, inali yaikulu kunyamula pa basi. Inatsala kwa Virginia. Chikwama cha tenti anandipatsa ine, ndipo ndimasungiramo mabuku a nyimbo.

Mwezi wathawu ndinapita ku Kanyama kukaona Virginia, amene wabereka mwana wachitatu. Pakhoma panali msomali wokha. Simbo ndinaiona panja, itavundikira dramu ya madzi, bowo la pakati atalitseka ndi pulasitiki. Yayambanso kuda. Virginia anati msomali unagwedera, simbo inagwa, ndipo Mathews ndiye anali pafupi n'kumva mmene inalirira. Anaitola, anaigogoda ndi kiyi wa minibasi kawiri, n'kuitulutsa panja. Imakwana bwino pa dramupo, ntchentche sizilowa. Koma Virginia akuti mwamuna wake satunga madzi m'dramu imeneyo. Akafuna osamba amatenga chidebe n'kupita ku mpopi wa kwa aneba.